Ndime 802 ndi kalata imene jaji sakanaitsutsa

Pa 10 Julaye 2008, Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lokonzanso FISA, lomwe limayendetsa ukazitape womvetsera mauthenga ku America. Panthawiyo makampani a matelefoni anali ndi milandu yambirimbiri pamaso pa Jaji Vaughn Walker ku San Francisco. Wotchuka unali wa Hepting ndi kampani ya AT&T, womwe bungwe la Electronic Frontier Foundation linasuma mu 2006. Mark Klein, yemwe kale ankagwira ntchito ku kampaniyo, anapereka umboni wa chipinda 641A, momwe mauthenga a anthu a pa intaneti ankakoperedwa kupita ku bungwe la ukazitape la NSA popanda chilolezo cha khothi.

Ndime 802, imene lamulo latsopanoli linaika mu FISA, ndi imene inapha milanduyi. Ili ndi zifukwa zisanu zimene loya wamkulu wa boma angapereke kuti mlandu uthetsedwe, koma mtima wake uli pa chachinayi. Chimati kampani isazengedwe ngati thandizo lake linali pa ntchito yolimbana ndi uchigawenga imene Pulezidenti analoleza pakati pa 11 Sepitembala 2001 ndi 17 Januwale 2007, ndiponso ngati inalandira kalata yonena kuti ntchitoyo inapezeka kuti ndi yololedwa ndi malamulo.

Taonani chimene jaji akufunsidwa. Safufuza ngati kumvetserako kunali kololedwa, koma ngati panali pepala lonena choncho. Ndipo ndimeyi sinena amene anapeza kuti ntchitoyo ndi yololedwa. Kukhala chete kumeneku sikunali kuiwala. Mu Malichi 2004 James Comey, yemwe ankagwirizira udindo wa loya wamkulu, anakana kuvomereza kuti ntchitoyo ipitirire, ndipo amene anasaina anali Alberto Gonzales, loya wa Pulezidenti yemweyo. Ndimeyi ikadatchula loya wamkulu yekha, kalata ya nyengo imeneyo ikadagwa. Olemba anasoka malaya atayeza kale wovala.

Chifukwa chachisanu chimaoneka chosalakwa: kampani sinapereke thandizo limene akuiganizira. Palibe angatsutse zimenezo. Koma loya wamkulu akanena kuti kuulula kungaike chitetezo cha dziko pangozi, jaji amawerenga zikalatazo payekha, osuma kulibe, ndipo saloledwa kunena chifukwa chimene wathetsera mlandu. Motero kampani imene inatsegula mawaya ake ndi imene sinachite kanthu zimatuluka m'khothi ndi chigamulo chofanana, ndipo mwini foni sadziwa kuti yake inali mbali iti.

Oikira kumbuyo lamuloli ankati kampani siyenera kulangidwa pokhulupirira boma pa nthawi ya mantha. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma FISA ya 1978 inalembedwa dala kuti mawu a boma okha asakwanire. Michael Mukasey, loya wamkulu wa boma panthawiyo, anapereka chikalata chake chofuna kuti milanduyo ithetsedwe mu Sepitembala 2008, Walker anathetsa milanduyo mu Juni 2009, ndipo khothi lalikulu kwambiri m'dzikolo linakana kumva apilo mu 2012.