"Mbiri ya Acewa" ndi Funso la Obwera

Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, analemba buku la Mbiri ya Acewa atafunsa akuluakulu odziwa za makolo. Ambiri aliyesa bukuli mpanda wocinga mtundu umodzi, wolekanitsa eni dziko ndi obwera. Koma wowerenga mofatsa adzaona kuti mbiri yeniyeniyo itsutsa maganizo otere.

Makolo asimba kuti a Phiri anacokera ku Uluba napeza a Banda atakhala kale m'dziko muno. Pamenepo panali eni dziko ndi alendo. Tsono a Phiri anatenga ufumu, a Banda nasunga nsembe za mvula, ndipo anakwatirana kufikira onse anakhala anthu amodzi. Motero mtundu umene lero uli ndi dzina limodzi unabadwa mwa mbumba ziwiri zimene poyamba zinali zacilendo ina kwa inzace.

Dziko la Kasungu licitira umboni zomwezo. Anthu a Mwase anamenyana ndi Angoni a kumpoto, koma pambuyo pace anapangana nao cibwenzi. Kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba Citumbuka ndi Cicewa zimveka pa msika umodzi. M'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a fodya anacuruka, kunafika matenanti ocokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Ana ao anakulira m'mbali mwa zigafa, nalankhula monga ana a m'midzi yoyandikana nao. Komabe pakabuka mlandu wa munda, mau akuti "obwera" samacedwa kuturuka. Apa paoneka kuti tsankho ligona pamene cakudya cikwanira, ndipo lidzuka pamene anthu alimbirana nthaka, nchito kapena mpando.

Colakwa ca bukuli ndi ici: litsata kwambiri mafumu, maulendo ndi nkhondo, ndipo dzina lace likopa wowerenga kuyesa mtundu ngati mwala wosasinthika. Maukwati ndi malonda, zimene zisandutsa mlendo kukhala mbale, sizimveka kwambiri monga nthungo. Kuopsa kwa kuyesa mtundu mwala kunaoneka m'masiku a Dr. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu. Mu 1968 Cicewa cinakhala cinenero ca dziko, Citumbuka nicicotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukaphunzitsa ku zigawo za kwao, ndipo ambiri a kumpoto anasiya sukulu zimene anazitumikira zaka zambiri. Pa masankho a 1994 cigawo ciri conse cinatsata mwana wace: Bakili Muluzi kumwera, Dr. Banda pakati, Chakufwa Chihana kumpoto.

Kodi tsono anthu adzaleka kugawa "ife" ndi "iwo"? Kuleka konse nkokayikitsa, pakuti munthu afuna kwao, ndipo kukonda kwanu si cimo. Cimene mbiri ionetsa ncakuti mpandawo usuntha. Unasuntha pakati pa Phiri ndi Banda, ndipo ukhoza kusunthanso pakati pa mdzukulu wa Mwase ndi mdzukulu wa tenanti. Cifukwa cace mphunzitsi wophunzitsa buku la Ntara asalekere pa kuwerengetsa maina a mafumu. Afunse ana kumene agogo ao anacokera, ndi amene anawapatsa malo. M'kalasi la ku Kasungu mayankho ace adzakwanira kuphunzitsa kuti pafupifupi mwini dziko ali yense ndi mdzukulu wa mlendo amene analandiridwa.