Ng'oma Yosawamba Pamoto: Za Amene Anayamba Kuvinitsa Anthu ndi Makina

Chaka china m'nyengo ya masika ndinaitanidwa ku ukwati m'mudzi wina kufupi ndi Chitakale, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Kunalibe ng'oma ngakhale imodzi. Mnyamata wina anaika zokuzira mau ziwiri patsinde pa mtengo wa mango, ndipo anthu anavina kufikira fumbi linati kobo. Dzuwa litapendeka mafuta anatha m'jenereta, nyimbo niduka pakati. Ine ndinayesa kuti gule wathera pomwepo. Koma amai anangoyamba kuomba m'manja, wina nagogoda chidebe, ndipo nyimbo ija inapitirira pamene inadukira, popanda wophonya phazi. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuvomereza mau amene aphunzitsi anzanga ambiri amanena, akuti nyimbo za makina nzachilendo, sizoyenera kuzitchula m'kalasi la Chichewa. Chinthu chachilendo sichikadakhala m'manja mwa amai aja chomwecho.

Tiyenera kuvomera poyamba kuti makinawo si athu ai. M'chaka cha 1974 anyamata a ku Düsseldorf otchedwa Kraftwerk anatulutsa chimbale chao cha Autobahn. Mu 1977 Giorgio Moroder ndi Donna Summer anatulutsa I Feel Love, yojambulidwa ku Munich, nyimbo yovina imene pafupifupi zoimbira zake zonse zinali makina a Moog. Mu 1980 kampani ya Roland inayamba kugulitsa TR-808, bokosi loliza ng'oma popanda mtengo kapena chikopa. Anthu amenewa ali nao owatamanda ambiri kwao, kotero sindidzachedwa nao. Amene atikhudza ife kwambiri ndi kalimba kakang'ono kotsika mtengo, Casio MT-40, ka mu 1981. M'kati mwake mai wina wa ku Japan, Okuda Hiroko, anasungamo kaliridwe kena ka ng'oma ndi besi. Mu 1985 Wayne Smith ndi Prince Jammy a ku Jamaica anatenga kaliridweko napanga nako Under Mi Sleng Teng, ndipo zinaoneka poyera kuti mmphawi wopanda gulu la oimba akhoza kuvinitsa dziko lonse ndi kabokosi kokwana m'khwapa. Pa zaka zomwezo makaseti a Brenda Fassie ndi Yvonne Chaka Chaka, odzala ndi malimba a magetsi, anali kufika m'midzi yathu kuchokera ku Johannesburg.

Kwathu kuno ulemu woyamba upite ku Balaka. Gulu la Alleluya linayamba kumeneko mu 1978 pa parishi ya Akatolika, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo wolitsogolera anali a Paul Banda. Masiku amenewo wofuna kujambula nyimbo anali kuyang'ana makamaka ku nyumba ya wailesi ya MBC, ndipo khomo lake linali lopapatiza. A Banda atatsegula nyumba yao yojambulira ya Imbirani Yahwe, mnyamata wokhala ndi mau okha m'mutu anatha kupita ku Balaka, nabwerako ndi kaseti. Kiyibodi inamuimbira besi, inamuombera ng'oma, inamulizira ndi malipenga omwe. Mng'ono wao Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, ndi anzao onga Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo anafalitsa kaimbidweko kufikira kanamveka m'basi iliyonse ndi pa golosale iliyonse m'zaka zotsatira ufulu wa zipani zambiri wa mu 1994.

Tsono funso la ife ophunzira chilankhulo ndi ili: kodi makinawo anachita nacho chiani Chichewa? Aliyense amene anaphunzitsapo maphatikizo adziwa kuti mau athu amathera pa lembo la liu, ndiponso kuti pa mapeto a chiganizo timakoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza. Adziwanso kuti kukweza ndi kutsitsa liu kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Makina sadziwa zimenezi. Iwo amagawa nthawi m'zigawo zinai zofanana, monga kalaliki wodula mizere m'kaundula, ndipo kaimbidwe ka ku Jamaica kanapangidwira mau aafupi a Chingerezi. Woimba wosasamala akakakamiza Chichewa kulowa m'mizere imeneyi, amakoka phatikizo losayenera kukokedwa, ndipo mau amatuluka opunduka ngati olankhulidwa ndi mlendo wa dzulo. Nzeru ya a ku Balaka inali yakuti anaichedwetsa ng'oma ya makina, naipatsa mayendedwe a nyimbo za m'tchalitchi m'mene iwo anakulira, kuti chiganizo chathunthu chikwane m'mpweya umodzi. Chifukwa chake nkhalamba imene sidziwa kumene kuli Jamaica inali kumva liu lililonse, nigwedeza mutu. Pa ichi ayenera kutamandidwa koposa pa china chilichonse.

Komabe kaimbidwe ka ku Balaka nkoyenda pang'onopang'ono, ndipo munthu wa kuno kumwera, wokulira pa tchopa, miyendo yake imafuna zoposa pamenepo. Amene anaonako tchopa ku Chonde, kumene Mulhako wa Alhomwe umasonkhana, adziwa m'mene ng'oma zimalankhulirana, ina ikugunda kawiri pamene inzake ikugunda katatu, ovina akuzungulira ndi akatundu ao kumsana. Bungwe la UNESCO linalemba guleyu m'kaundula wake wa chuma cha makolo mu 2014. Kale Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja amene anamwalira mu 1995, anali atasamutsira kale liwiro lotere pa banjo yake ndi gulu lake la Chimvu. Chimene anachita oimba a kuseri kwa phiri, ku Phalombe, dera limene linali mbali ya boma la Mulanje kufikira 1998, ndicho kutenga liwiro lomwelo ndi kuliphunzitsa kiyibodi. Joe Gwaladi, amene anatchuka ndi kugulitsa yekha nyimbo zake m'miseu ya ku Limbe, ndi Gibo Pearson amene anadza pambuyo pake, saimba ziganizo zazitali. Mizere yao njaifupi, yobwerezabwereza, yosiya mpata wakuti khamu livomere, monga achitira amai pamtondo. Mau ao ndi a pamsika wa Limbuli, ena oseketsa, ena olasa, ena akuti mphunzitsi sangawalembe pa bolodi. Anthu ophunzira amaziseka nyimbozi, amvekere nza kumudzi. Koma ndawaona omwewo pa maukwati, tayi ili pamsana, akutimba fumbi kuposa eni mudzi. Nyimbo imene amai aja anaipitiriza ndi manja inali ya mtundu umenewu, ndipo anaitha chifukwa mafupa ake anali a gule wao.

Sindifuna kuti owerenga ayese kuti ndikutamanda zonse. Zolakwa zilipo, ndipo zina nzazikulu. Woomba ng'oma weniweni amayang'ana mapazi a wovina. Wovina akatenthedwa iye amaonjeza moto, akatopa amamupumuza. Ng'oma yachikopa imafuna kuwamba, imasintha liu ndi chinyezi cha usiku, ndipo m'kusinthako muli moyo. Makina sayang'ana munthu. Amayamba m'mene adzathere. Choipa china ndi ulesi umene anabweretsa: wojambula mmodzi akapeza kaliridwe kamene kagulitsa, amakapatsa oimba khumi, kotero kuti munthu amamva nyimbo zisanu pa wailesi nayesa kuti ndi imodzi yaitali. Ndiponso anyamata ambiri amene akadaphunzira gitala, kapena kusema ndi kukunga ng'oma, sanaone chifukwa chovutikira. Amene amati makina anapha magulu a oimba sanama kwenikweni.

Chimene chindidetsa nkhawa koposa ndi maina. Pa chikuto cha kaseti pankakhala chithunzi cha woimba, koma munthu amene anakhala usiku wonse m'kachipinda kotentha akusanja ng'oma ndi besi pa kiyibodi, amene kwenikweni ndiye mmisiri wa kaimbidweko, kawirikawiri dzina lake linalembedwa m'timalembo tating'ono, kapena silinalembedwe konse.  Makina athu anagulitsidwa kapena anadyedwa ndi dzimbiri, ndipo makaseti akuola m'makatoni pansi pa mabedi. Ophunzira athu amene adzatumizidwa kukayesera uphunzitsi m'sukulu za ku Mulanje ndi Phalombe amapita kale ndi kope lolembamo miyambi ndi nthano za kumeneko. Ndikupempha kuti asiyeko masamba angapo kumapeto kwa kopelo. Akafunse pa msika wa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Muloza kuti anayamba kujambula nyimbo ndi kiyibodi m'deralo ndani, chaka chiti, ndi makina a mtundu wanji, ndipo mau a nyimbo zake akawalembe monga aimbidwira, a Chilomwe omwe, osawakonza galamala.