Mizinga Yophonya: Makina Oteteza Sitima Zankhondo M'mafilimu ndi M'mabuku

Mu filimu ya Star Wars ya 1977, linga la adani lotchedwa Death Star n'lalikulu ngati kamwezi, ndipo mizinga yalizinga mbali zonse. Komabe tindege ta oukira boma tikuuluka m'ngalande ya pamwamba pake, mizingayo n'kumangolavula moto pambali. Mkulu wina wa oyendetsa tindegeto akuwombera motsogoleredwa ndi kompyuta, koma akuphonya. Kenako Luke Skywalker akuzimitsa kompyuta yake, akuwombera mwa iye yekha, ndipo linga lonse likuphulika. Kuyambira pamenepo olemba nkhani za nkhondo ya mumlengalenga ndi ya panyanja akhala akutiuza chinthu chimodzimodzi: makina amaphonya, munthu ndiye amalasa.

Gwero la mwambowu n'lodziwika. George Lucas, amene anapanga Star Wars, anatengera kamenyedwe ka nkhondo yake ku mafilimu onena za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, monga The Dam Busters ya 1955 ndi 633 Squadron ya 1964. N'chifukwa chake m'dziko limene zombo zimathamanga kuposa kuwala ndipo maloboti amalankhula, Luke ndi mnzake Han Solo amakhalabe pampando n'kumatembenuza mfuti ndi manja, ngati asilikali a m'ndege zoponya mabomba za m'ma 1940. Kamera imafuna nkhope ya munthu, thukuta ndi mantha ake. Makina alibe nkhope, ndipo palibe woonera amene angawalirire.

Koma sitima zenizeni zinachoka kale kumeneko. Kuyambira 1980 sitima zankhondo za Amereka zimanyamula mfuti yotchedwa Phalanx, yomwe ili ndi radar yakeyake, imafufuza yokha mzinga wobwera, n'kuwombera yokha zipolopolo zokwana 4,500 pa mphindi. Amalinyero anaipatsa dzina loseka la R2-D2 chifukwa imafanana ndi kaloboti ka mu Star Wars. Wolemba akati aike chida chotere m'nkhani yake mmene chililimu, ngwazi yake ifera m'mphindi yoyamba. Ndiye kufooketsa makina n'kofunika pa luso limeneli, ndipo palibe chifukwa chomudzudzulira. Pamene pali nkhani ndi pa njira imene wawafooketsera.

Njira ya ulesi ndi yongowachititsa kuphonya. Mfuti zomwezo zimene zagwetsa asilikali khumi opanda maina zimasanduka zakhungu ngwazi ikangotulukira. Woonera sachedwa kuzindikira, ndipo akadziwa kuti munthuyu safa, mantha amatha, nkhondo n'kusanduka chionetsero cha moto chabe. Filimu ya Battleship ya 2012 inafika nazo patali: sitima zamakono zitagonja kwa adani ochokera kuthambo, nkhalamba zinadzutsa USS Missouri, sitima yomwe inapuma ntchito mu 1992 n'kukhala malo oonetserako zakale ku Pearl Harbor, ndipo ndi iyo inapulumutsa dziko. Zimasangalatsa mtima, koma nzeru imakana. Ngakhale m'nthano, Kalulu akagonjetsa Njovu wofotokoza amationetsa chenjerero lake. Njovu itangodzigwera yokha, ana angafunse kuti nanga Kalulu wachitapo chiyani.

Olemba aluso amayamba aika lamulo, kenako n'kulisunga. Star Wars yomweyo ili ndi poyamikira: asanapite kunkhondo, oyendetsa ndege akuuzidwa kuti chitetezo cha Death Star anachipangira zombo zikuluzikulu, osati tindege. Kuphonyako kukuchokera ku kudzikuza kwa omanga. Mu buku la Dune la 1965, Frank Herbert anachita kuchotseratu makina oganiza, ponena kuti anthu anawaletsa pambuyo pa nkhondo yakalekale, ndipo pamenepo munthu wabwerera pakati pa bwalo popanda chinyengo. Mu Battlestar Galactica ya 2003, adani otchedwa Cylon akulowa m'makompyuta olumikizana a zombo zatsopano n'kuzizimitsa zonse. Chopulumuka ndi Galactica, chombo chakale chimene mkulu wake Adama anakana kuti makompyuta ake alumikizidwe. Apa kulephera kwa makina ndiko nkhani yeniyeniyo, ndipo kukutiuzanso khalidwe la munthu.

Njira imene imandigwira mtima kwambiri ndi yolola makina kugwira ntchito bwinobwino, koma n'kugonjabe. Mu Red Storm Rising, buku la Tom Clancy la 1986, asilikali a Soviet Union akuyamba atumiza zinthu zooneka ngati ndege kuti asocheretse ndege zoteteza sitima za NATO, kenako akuponya mizinga yambirimbiri nthawi imodzi. Sitima ya Ticonderoga, yokhala ndi makina oteteza sitima otchedwa Aegis, ikugwetsa yochuluka mpaka mizinga yake kutha, ndipo yotsala ya adaniyo ikulasa. Mabuku a The Expanse, omwe anayamba mu 2011 ndi Leviathan Wakes, ndi sewero lake la pa TV akutsata njira yomweyi mumlengalenga: mfuti zodziwombera zokha zimalasa ndithu, koma zipolopolo zili ndi malire, ndipo mfuti imodzi ikawonongeka mbali imeneyo yatseguka. Woonera amayamba kuwerenga nawo zotsala, ndipo mantha ake ndi enieni.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri yeniyeni ili ndi zambiri kuposa zimene olemba amapeka. Pa 4 May 1982, pa nkhondo ya ku Falklands, mzinga wa Exocet unalasa HMS Sheffield ndipo anthu 20 anafa. Pa nthawiyo sitimayo inkatumiza uthenga kudzera pa setilaiti, zomwe zinasokoneza chida chake chomvera radar ya adani. Pa 17 May 1987 mizinga iwiri ya Exocet yochokera ku ndege ya Iraq inalasa USS Stark n'kupha amalinyero 37, Phalanx yake isanawombere n'kamodzi komwe chifukwa sinali yotcheredwa kuti iwombere yokha. Chaka chotsatira, pa 3 July 1988, vuto linatembenuka: USS Vincennes, yokhala ndi Aegis, inagwetsa ndege ya anthu wamba ya Iran Air, anthu 290 n'kufa, amalinyero ataiyesa ndege yankhondo. M'nkhani zonsezi makina sanali opusa. Panali munthu amene anayenera kusankha m'kanthawi kochepa kuti akhulupirire chiyani, ndipo kuzengereza kunapha, kupupuluma kunaphanso.

Pamenepa ndi pamene pali nkhope ija imene kamera imafuna. Msilikali amene dzanja lake lili pa batani lolola makina kuwombera okha, osadziwa ngati kadontho ka pa radar ndi mdani kapena ndege yodzaza ana, ali ndi nkhani yolemera kuposa ngwazi yozemba zipolopolo chikwi. Wolemba amene amapusitsa makina kuti munthu aoneke wamkulu amachepetsa onse awiri. Mukamaonera filimu yotere, funsani chifukwa chimene mfuti yaphonyera. Ngati nkhaniyo inakuuzani kale chifukwacho, wolembayo wagwira ntchito yake. Ngati yankho ndi lakuti ngwazi sinayenera kufa basi, wakunamizani.