Tsache la udzu lisanyozeke

M'mawa uliwonse mabwalo a ku Riverside, mumzinda wa Kitwe, amakhala atasesedwa kale ophunzira a pa Copperbelt University asanayambe kudzaza msewu wa Jambo Drive. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi tsache la udzu, ndipo mabanja amene amaluka masachewa ndi ofunika kuwayamikira. Udzu amaumweta utakhwima, mvula itatha koma moto wolusa usanapsereze tchire. Amauyanika, kuchotsa wofooka, kuyalanitsa nsonga, kenako kumanga kolimba ndi mphira wa machubu akale a matayala. Womanga mwaulesi amadziwika msanga, chifukwa tsache lake limasosoka pa tsiku loyamba lomwe. Ana amaphunzira poonera akulu, ndipo ndalama yopezeka pamsika wa Chisokone imagula ufa ndi makope a kusukulu.

Ena amati tsache la pulasitiki limakhalitsa, komanso kusesa chowerama kumapweteketsa msana. Za msana n'zoona, n'chifukwa chake oluka ena amaikako mpini wautali. Koma pa dothi la pabwalo pulasitiki amangokanda, pomwe udzu umatola fumbi ndi masamba a mango omwe. Likatha, tsache la udzu limawola. La pulasitiki limakatseka ngalande. Boma litayambitsa kampeni ya ukhondo mu 2007 n'kuitsitsimutsa mu 2018, kolera itavuta ku Lusaka, zikwangwani sizinasese msika ndi umodzi womwe. Anasesa ndi anthu ogwira masache. Wogulitsa akafika pageti, musamunenerere mtengo mpaka kumudyera thukuta.