Kavalo Wabodza Amene Amathamangadi

Ku Louvre, mumzinda wa Paris, kuli chithunzi cha akavalo anayi ali pa mpikisano ku Epsom, chimene Théodore Géricault anajambula ndi utoto mu 1821. Miyendo yakutsogolo yatambasuka, yakumbuyo yaponyedwa kutali, ziboda zonse zili m'malere. Ukachiyang'ana, liwiro lake umalimva m'chifuwa. Komatu chilengedwere dziko, palibe kavalo anathamangapo chonchi.

Anaulula zimenezi ndi Eadweard Muybridge. Mu June 1878, pafamu ya Leland Stanford ku Palo Alto, anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira n'kutchera ulusi ngati wosaka mbewa. Kavalo podutsa ankakoka ulusiwo, n'kumadzijambula yekha. Zinapezeka kuti kamphindi kamene ziboda zonse zimachoka pansi kalipodi, koma pamenepo miyendo imakhala itapindikira kunsi kwa mimba, ngati ya kangaude wakufa. Chithunzi chimodzi pachokha, kavaloyo ali ngati wapachikidwa pachingwe. Sakupita kulikonse.

Ojambula ambiri anagonja. Ngakhale Edgar Degas anakhala pansi n'kukopera akavalo a Muybridge. Wosema ziboliboli Auguste Rodin ndiye anakanitsitsa. Maganizo ake anali akuti wonama ndi kamera, popeza nthawi siima. Pamenepa ine ndili naye.

Taonani nkhuku ikuyenda pabwalo. Timati ikugwedeza mutu, koma muiyang'anitsitse: mutuwo umaima nji pamalo amodzi thupi likubwera, kenako tsalii kutsogolo, n'kuimanso. Imatero kuti dziko likhazikike m'maso mwake, chiwala chikangosuntha pang'ono ichione. Nafenso maso athu amadumphadumpha kangapo pa sekondi iliyonse, koma ubongo umasoka zidutswazo mwaukatswiri moti msoko suoneka. Chimatifika si kamphindi kamodzi ayi, ndi kumene chinthu chachokera pamodzi ndi kumene chikulowera.

Géricault anajambula zimenezo. Miyendo yakumbuyo ndi ya kavalo amene wangodzikankha kumene, yakutsogolo ndi ya kavalo amene akufunafuna poponda. Nthawi ziwiri, thupi limodzi. Diso lako likamayenda kuchokera kumchira kukafika kumphuno, kuthamangako umakumaliza wekha. Anawonjeza n'kuwatalikitsa matupi, makosi ali tambasuu, mitambo yakuda itawapsinja pamwamba. Sindikuti n'chopanda chilema: akavalo anayiwo afanana mopitirira, ngati anawadinda ndi chidindo chimodzi, ndipo ukachizolowera amayamba kukukumbutsa zidole za ana.

Muybridge naye sanakhutire ndi akavalo ake oumawo. Mu 1879 anapanga makina otchedwa zoopraxiscope, ozunguza mbale yagalasi patsogolo pa nyale kuti kavalo athamange pakhoma. Pambalepo sankaikapo zithunzi za kamera zija mmene zinalili, zinkajambulidwanso pamanja. Ndipo popeza makinawo ankafinya chithunzi, kuti kavalo aoneke bwino kwa oonera, wojambulayo ankayamba wamutalikitsa thupi.