Mfumu yosaoneka pa siteji ya Six

M'chaka cha 2017, ophunzira awiri a pa yunivesite ya Cambridge, Toby Marlow ndi Lucy Moss, analemba sewero la nyimbo loti gulu la zisudzo la pasukulu pawo likaonetse ku chikondwerero cha Edinburgh Fringe ku Scotland. Analitcha Six. Limakamba za akazi asanu ndi mmodzi amene Mfumu Henry VIII ya ku England inawakwatira motsatizana. Nkhaniyi yatha zaka pafupifupi 500 ndipo ambiri anaisewerapo kale. Koma awiriwa anachita chimene anzawo sankachiganizira: Henry mwini wake anamusiya kunja. Sewero lonse limatha osamuona nkhope.

Amene anaonetsapo sewero pa chikondwerero chotere akudziwa mmene nthawi imapanikizira. Chipinda chimodzi chimalandira magulu angapo pa tsiku, ndiye mukangomaliza mumasamutsa katundu wanu mwachangu kuti ena alowe. Nyumba yachifumu ya matabwa, asilikali makumi awiri, bwalo la milandu, zonsezo n'zosatheka. Marlow ndi Moss sanalimbane ndi umphawi umenewu, anaukwatira. Anasandutsa sewero kukhala konsati: akazi asanu ndi mmodzi, aliyense ndi mayikolofoni yake, akupikisana kuti aone amene anazunzika kwambiri m'banja la Henry, ndipo wopambanayo akhale mtsogoleri wa bandi. Kumbuyo kwawo kuli akazi anayi oyimba zida. Sewero limatenga mphindi pafupifupi 80 popanda kupumira.

Ubwino wa konsati ndi wakuti wosewera salankhula ndi mnzake ngati kuti ife kulibe. Amatiyang'ana m'maso. Choncho mbiri yakale, imene m'masewero ambiri a ophunzira imalowa ndi munthu wofotokoza ataima pambali n'kumatchula zaka ngati mphunzitsi, pano imatuluka m'kamwa mwa mwini nkhani, aliyense ndi mayimbidwe ake. Catherine of Aragon amayimba mwaukali wa mkazi wamkulu amene wakana kuchoka pakhomo. Jane Seymour, amene anamwalira mu 1537 atangobereka mwana wamwamuna, anapatsidwa nyimbo yodekha, ndipo kwa ine ndi imene ili yofooka pa zonse: imatilirisa koma sitiphunzira kanthu za iye. Anna of Cleves amaseketsa chifukwa alibe chodandaula chenicheni. Ukwati wake unathetsedwa mu 1540, iye n'kutsala ndi nyumba zachifumu ndi chuma.

Pamene pali luso lenileni ndi pa Katherine Howard, amene anadulidwa mutu mu 1542 akadali mtsikana. Nyimbo yake imayamba mokoma, yovinika, iye akudzitama kuti amuna amamufuna. Amatchula amuna anayi motsatizana: Henry Mannox amene ankamuphunzitsa nyimbo ali mwana, Francis Dereham, mfumu, kenako Thomas Culpeper. Kolasi imabwerera ndi kayimbidwe komweko, koma nthawi iliyonse imalemera kuposa poyamba. Akazi ena asanu aja amamuika manja pamapewa ndi m'chiuno, ndipo manjawo amanka nachuluka mpaka iye akuyesa kuwakutumula. Woonera amene ankaomba m'manja pa ndime yoyamba amafika pa yachinayi ali ndi manyazi kuti ankavinira chiyani. Palibe amene wamuuza kuti mtsikanayu ankaphwanyiridwa ufulu wake. Kubwereza kwa nyimboyo ndi kumene kwamuuza. Henry VIII akanakhala pa siteji, tikanaloza iye chala n'kupuma. Popeza kulibe, chala chimatembenukira kwa ife amene timasangalala.

Kumapeto ndi kumene ndimatsutsana ndi seweroli. Catherine Parr amaimitsa mpikisano, akazi onse amagwirizana kuti n'kupusa kudziyeza ndi mabala amene mwamuna mmodzi anawapatsa, kenako aliyense amadzipekera moyo wina wokoma umene sanakhalemo. Holo yonse imaimirira n'kuvina. Ndikumvetsa chifukwa chake: anthu akatuluka akuyimba amakaitana anzawo, ndipo seweroli linafikadi ku West End ku London mu 2019 ndi ku Broadway mu 2021, n'kupata mphotho ya Tony ya nyimbo zabwino mu 2022. Koma mphindi zochepa zapitazo olemba anatikhulupirira kuti tingathe kumva zowawa popanda kutitanthauzira, ndiye pano akutipukuta misozi mofulumira ngati ana. Mwachitsanzo, Anne Boleyn, mmodzi mwa akaziwa, anaphedwa mu 1536 pa milandu imene akatswiri ambiri a mbiri amati inali yomunamizira. Ine ndikanakonda magetsi azime ali pomwepo, mayikolofoni ili m'manja, asanapatsidwe moyo wongopeka.