Mowa pa Nchito: Mlandu uli kwa Yani?

Abale, pali mcitidwe wina pakati pa olemba anthu nchito kuno kunyanja, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mtakataka, umene tiyenera kuuyesa bwino. Mwini munda wa thonje, kapena mwini khoka, apatsa anyamata ace kacasu m'mamawa, nati, Apeze mphamvu. Ikapita miyezi, wina wa iwo sakhozanso kugwira khasu kapena nkhafi asanamwe. Ndipo tsiku limene aononga cipangizo, mwini nchito ampitikitsa, nati, Ndi cidakwa. Ife titi mlandu wotere waweruzidwa mokhota.

Ena adzayankha kuti makolo athunso analimitsa ndi mowa pa dima. Nzoonadi; koma taonani kusiyana kwace. Pa dima anthu anayamba alima, ndipo mowa wamasese unaturuka ndime itatha, akulu ali pomwepo kuyang'anira cikho. Koma kacasu ndi waukali koposa, ndipo womwedwa nchito isanayambe sapatsa mphamvu konse. Angobisa kutopa, nacedwetsa maso ndi manja. Camba comwe cicita cimodzimodzi. Mwera ukauka panyanja, mlovi mmodzi woledzera akhoza kumiza anzace onse a m'bwato.

Nkhani iyi si ya kwathu kokha ai. M'minda ya mpesa ya ku Cape, ku South Africa, anchito analipidwa ndi vinyo zaka zambirimbiri, ndipo ana ambiri anabadwa ofooka cifukwa ca kumwa kwa amao. M'caka ca 1949 maiko anasonkhana ku Geneva, napangana kuti wanchito asalipidwe ndi mowa waukali kapena mankhwala ozunguza mutu. Kuno kwathu Boma linaletsa mowa wa m'masaceti m'caka ca 2015. Koma lamulo liribe maso ofikira m'munda kapena padooko, ngati mwini nchito yemweyo ndiye wogula botolo.

Ndiponso kupitikitsa munthu mwadzidzidzi sikuciritsa kanthu. Lamulo la nchito la caka ca 2000 liti wanchito asacotsedwe cifukwa ca khalidwe lace asanapatsidwe mpata wa kudzikanira. Ndipo lichulanso zilango zina zocepa, monga kalata ya cenjezo ndi kumuimitsa masiku. Wocotsedwayo apita kwao ndi ludzu lomwelo, koma wopanda ndalama. Pamenepo agulitsa mbuzi ndi cimanga, ndipo amene amva cilango ndiwo mkazi ndi ana.

Nanga wolemba nchito wanzeru acite ciani? Coyamba, alipire ndi ndalama kapena cakudya, osati ndi mowa. Caciwiri, anene poyera tsiku loyamba kuti woledzera sakwera bwato, sayendetsa ngolo, sagwira mankhwala opopera thonje. Ndipo lamulolo limange kapitao ndi mwini wace yemwe. Cacitatu, akaona munthu ayamba kujomba atalandira malipiro, kapena manja ace anthunthumira m'mamawa, amuitane pa yekha, osadikira tsoka; pakuti m'mera mpoyamba. Cacinai, amene mowa wamgwira ndithu amperekeze ku cipatala, pakuti iyi ndi nthenda. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu athandiza anthu otere.

Sitinena kuti woledzera alibe mlandu. Akacenjezedwa, nathandizidwa, nakanabe, acoke ndithu, kuti anzace apulumuke. Koma inu amene mulemba anthu nchito, musanaweruze wanchito wanu, yambani mwadzifunsa kuti cikho coyamba anamgwiritsa ndani.